Kangankunde ndi mbiri ya anthu owerenga miyala

Sitima zonyamula malasha kuchokera ku Moatize zikamadutsa pa Nkaya, kufupi ndi Utale, zimakhala zikukoka katundu amene akatswiri a miyala anamuyeza kalekale njanjiyo isanayalidwe. Ntchito ya migodi imayenda chomwechi kulikonse: amatsogola ndi munthu wapansi, hamala m'manja, kope m'thumba, ndipo makina amabwera pambuyo, nthawi zina patadutsa mibadwo. M'boma lomweli la Balaka, limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998, muli phiri la Kangankunde, lokwera mamita pafupifupi 200 kuchokera pachidikha, lomwe masiku ano likutchulidwa pamsika wa masheya ku Australia chifukwa cha miyala ya rare earths. Anthu akamakamba za phirili amathamangira kufunsa kuti mgodi ulemba anthu angati, ndipo alonda ndi madalaivala adzachokera midzi iti. Funsolo n'lomveka. Komabe mbiri ya phirili ikusonyeza kuti ntchito imene yakhalitsa pamalopa, imenenso yakhala ikugamula mtengo wake, ndi ya ofufuza. Kwa zaka zoposa 100 ntchitoyi yakhala m'manja mwa alendo, ndipo ngati Malawi akufuna kudya nawo za pansi pa nthaka yake, khomo limene ana a ku Utale, Phalula ndi Ulongwe ayenera kutsegulidwa ndi limeneli.

Miyala yachilendo ya pa Kangankunde inalembedwa koyamba cha m'ma 1907, nthawi imene boma la Atsamunda linali litatumiza akatswiri kuti aone ngati Nyasaland inali ndi golide kapena malasha ogulitsika. Kafukufuku wokhazikika anayamba Frank Dixey atafika ku Zomba mu 1921 kudzatsogolera nthambi yofufuza za miyala, imene mpaka lero likulu lake lili komweko. Dixey anathera nthawi yake yambiri pa nkhani ya madzi, kuloza malo okumba zitsime ndi mijigo, ndipo mu 1931 anatulutsa buku la ntchitoyi. Koma chimene chinamutchukitsa ndi mapiri a kummwera. Pachilumba cha Chisi, chotchedwanso Chilwa Island, panyanja ya Chilwa, anapeza miyala yooneka ngati ya laimu itakhala pamalo amene miyala ya laimu siyembekezeka. Nthawi imeneyo ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti mwala wotere umapangika m'madzi basi, kuchokera ku matope ndi zigoba zodikha pansi. Mu 1937 Dixey pamodzi ndi W. Campbell Smith wa ku London ndi C. B. Bisset anasindikiza lipoti lonena kuti miyala ya ku Chilwa inachita kukwera kuchokera pansi penipeni ili yosungunuka, monga ina yomwe inkadziwika ku Norway ndi ku Sweden. Mwala wotere umatchedwa carbonatite, ndipo wa ku Chilwa unali woyamba kuzindikirika mu Africa. Mkangano wa chiyambi cha miyala yotere unazizira cha m'ma 1960 akatswiri ataona ndi maso phiri la Ol Doinyo Lengai ku Tanzania likulavula chiphala cha mtundu womwewo. Kangankunde, Tundulu ndi Songwe ndi abale a Chilwa, onse anabadwa zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kunadziwika kuti timiyala tobiriwira tomwazikana m'thanthwe la Kangankunde ndi monazite, mwala wosunga zitsulo za rare earths. M. S. Garson anajambula mapu a mapiri amenewa, ndipo mu 1965, chaka chimodzi ufulu utabwera, nthambi ya ku Zomba inasindikiza buku lake la ma carbonatite a kummwera kwa Malawi komanso lipoti la D. N. Holt lokamba za Kangankunde payekha. Kenako kunabwera kampani ya Lonrho, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Japan anayendera dera lonse la Chilwa pamene bungwe la ku France la BRGM linkaboola phirili. Onsewa ananyamuka osatsegula mgodi, ndipo zifukwa zake zinali kunja kwa phiri. Msika wa zitsulozi unali waung'ono, nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, ndipo China inali itayamba kudzaza msika ndi katundu wotsika mtengo. Chimene chinatsala ndi mapepala: mapu, manambala ndi malipoti. Aliyense wobwera pambuyo ankayambira pamene mnzake analekezera, kutanthauza kuti kwa zaka makumi angapo chuma chokhacho chimene Kangankunde anatulutsa chinali chidziwitso, ndipo wodziwa kuchiwerenga ndiye anali ndi mphamvu.

M'zaka zonsezi Amalawi sanali kutali ndi migodi. Anthu zikwizikwi anakwera ndege za Wenela kupita ku Joni, ena anakakumba malasha ku Hwange ndi mkuwa ku Zambia, mpaka ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974 inapha Amalawi oposa 70 ndi kuchititsa boma kuimitsa kulembako. Dziko linatumiza mapewa ndi misana, koma silinakonzekere mitu yoti idzawerenge miyala yakwathu. Mawu a Kamuzu akuti chuma chili m'nthaka ankatanthauza khasu, fodya ndi chimanga, ndipo ana asukulu anakula akumva kuti Malawi alibe miyala ya phindu ngati anzake oyandikana nawo. Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973 inayamba kutulutsa ophunzira ochepa a sayansi ya nthaka ndi miyala, ndipo ofuna kupitirira apo ankayenera kuwoloka nyanja. Ochepawo anasonyeza zimene zikanatheka. Elizabeth Gomani anakachita maphunziro a udokotala ku Dallas m'dziko la America pa mafupa a zilombo zakale a ku Karonga, m'matanthwe omwe Dixey anawayendera m'ma 1920, ndipo mu 2005 ndi iye amene anapatsa dzina chilombo chatsopano kwa asayansi, Karongasaurus. Luso linalipo, chosowa chinali mipata.

Manambala a zaka zaposachedwa akuonetsa bwino kulemera kwa ntchito ya wofufuza. Mu 2007 kampani ya Lynas ya ku Australia inagwirizana zogula Kangankunde pa madola 4 miliyoni, potsamira kwambiri pa zoboola za Afalansa, zimene zinkapereka matani pafupifupi 2.5 miliyoni a mwala wokhala ndi zitsulozi. Malondawo anathera m'makhoti. Mu 2022 Lindian Resources inagwirizana zogula kampani yokhala ndi chiphaso cha phirili pa madola 30 miliyoni, inaboola mozama, ndipo mu 2023 inalengeza matani 261 miliyoni. Phiri ndi lomwelo. Kusiyanaku kunabwera chifukwa oyambawo anaboola mosazama n'kuwerengera mwala wonona wokhawokha, pamene atsopanowa anapita pansi kwambiri ndi kuwerengeranso mwala wokhala ndi zitsulo zochepa. Kuseri kwa nambala iliyonse kuli munthu woweramira mabokosi aatali mmene mwayalidwa miyala yobulungira ngati mizimbe, yotuluka m'chibowo motsatana. Amainyowetsa ndi madzi kuti mitundu ioneke, amayang'ana ndi kagalasi kokulitsa, amadonthetsa asidi kuti aone ngati uchita thovu, n'kulemba mita ndi mita. Kenako mwalawo amaucheka pakati m'litali, theka lina n'kusungidwa, lina n'kutumizidwa ku labotale za kunja. Neodymium ndi praseodymium zopezeka mmenemo n'zimene zimapanga maginito a galimoto zamagetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Msonkho umene boma lidzatolere, komanso zaka zimene mgodi udzakhale, zonse zimachokera m'kope la munthu ameneyu.

Lero njira yolowera ntchitoyi yafutukuka kuposa kale. Kupatula University of Malawi ku Zomba, sukulu ya MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, imaphunzitsa sayansi ya miyala ndi ya zanyengo, ndipo MUBAS ku Blantyre ili ndi maphunziro a uinjiniya wa migodi ndi kuyenga zitsulo. Mwana wofuna kulowa amayenera kukhoza bwino masamu, physics ndi chemistry pa mayeso a MSCE. Akamaliza digiri yoyamba angalembedwe ku nthambi ya ku Zomba, ku makampani ofufuza, ku mabungwe a madzi, kapena angapitirize maphunziro n'kudzakhala mphunzitsi wa pa yunivesite. Ena apita ku Akita ku Japan, ena ku South Africa ndi ku Britain, kumene Camborne School of Mines yakhala ikufufuza phiri la Songwe ku Phalombe. Zoti afufuze n'zochuluka kuposa anthu ake. Ndege za kauniuni zimene zinauluka dziko lonse mu 2013 ndi 2014 zinasonkhanitsa manambala a maginito ndi mphamvu zina za pansi pa nthaka, ndipo ntchito ya GEMMAP, yothandizidwa ndi boma la France kuyambira 2016, inajambulanso mapu omwe ambiri anali a nthawi ya Atsamunda. Mapu amangoloza pokayikitsa. Pamafunikabe munthu woti akafike pamalopo, aswe mwala, auyeze, alembe.

Wina anganene kuti kulimbikitsa ana kulowa maphunzirowa n'kuwaika pa chiswe, chifukwa migodi imadzuka ndi kugona motsatira mitengo ya kunja. Umboni ulipo: mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014 mtengo utagwa, ndipo unakhala chigonere zaka zoposa khumi. Alipo achinyamata amene anamaliza maphunzirowa n'kumangoyenda ndi makalata. Chowonadi chimenechi sichiyenera kubisidwa. Koma sayansi ya miyala sinabadwire migodi yokha, ndipo Balaka yemweyo ndi mboni. Boma limeneli mvula imavuta, midzi yambiri imadalira mijigo, ndipo mijigo ina imatulutsa madzi amchere kapena okhala ndi fluoride wochuluka amene amadetsa mano a ana. Kudziwa poboola ndi posaboola ndi ntchito ya katswiri wa madzi a pansi. Miyala ya ku Chenkumbi imene anthu akhala akuwotcha laimu imafuna woiyeza. Napolo wa ku Zomba mu 1946, wa ku Phalombe mu 1991, ndi matope amene anakwirira nyumba ku Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, zonsezi zimafunsa funso limodzi: ndi malo ati otsetsereka amene munthu sayenera kumangapo? Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zimakumbutsa kuti tikukhala m'chigwa chomwe chikung'ambikabe. Mtengo wa uranium ugwe kapena ukwere, ntchito izi sizitha. Vuto ndi loti boma silinatsegule mipando yokwanira yozigwirira.

Winanso angatsutse kuti sayansi ilibe mtundu, ndipo dziko losauka lingachite bwino kubwereka akatswiri kusiyana n'kuwononga ndalama pophunzitsa anthu amene mawa adzathawira ku Perth kapena ku Johannesburg. N'zoona kuti lipoti la Garson silinaipe chifukwa analemba ndi mlendo, ndipo kafukufuku wamakono amayenda mogwirizana ndi anzathu akunja. Koma pa tebulo la zokambirana, katswiri amaimira amene akumulipira. Kampani ikabweretsa lipoti lonena kuchuluka kwa zitsulo m'katundu wotuluka pachipata cha dziko, boma lopanda anthu ake ndi labotale yake limangovomera ndi mutu. Lamulo la migodi la 1981 linasinthidwa mu 2019 ndiponso mu 2023, koma lamulo lolembedwa bwino silingadziyeze lokha mwala. Za othawawo, munthu amathawa pamene palibe chida chogwirira ntchito imene anaphunzira. Amene wagwira zaka zingapo m'migodi ya kunja n'kupeza kwawo kuli labotale yoyenda ndi thumba la kafukufuku amakhala ndi chifukwa chobwerera, ndipo amabwera ndi luso limene sitikanatha kuligula.

Chotsutsa cholemera koposa chili m'kalasi. Sekondale zambiri zoyendera za kumidzi zilibe labotale, ndipo mwana amatha kulemba mayeso a chemistry asanagwirepo chida chilichonse choyesera. Zikakhala choncho, malo a ku MUST ndi ku Zomba adzapitirira kudzazidwa ndi ana a m'tauni, pamene ana okulira m'tsinde mwa phiri adzathera pachipata ndi pa fosholo. Apa mpamene mafumu, makhansala ndi aphungu a ku Balaka ayenera kuikapo mtima akamakambirana ndi kampani za chitukuko. Mjigo ndi msewu n'zofunika ndithu, koma pamndandanda womwewo payenera kukhala labotale m'sekondale zozungulira, mphunzitsi wa sayansi wokhala ndi nyumba, thandizo la fizi kwa ana osankhidwira ku yunivesite, ndi malo a ophunzira ogwira ntchito moyeserera pamene miyala ikuyezedwa. Boma nalo lionetsetse kuti theka la mwala losungidwa lija, pamodzi ndi manambala ake, likufika ku Zomba ndipo ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu akuloledwa kuligwiritsa ntchito. Lindian inanena mu 2024 kuti gawo loyamba la mgodiwu lingathe kuyenda zaka 45. Zaka zimenezo n'zokwanira kuti mwana amene ali Fomu 1 ku Utale lero aphunzire, agwire ntchito, aphunzitse ena mpaka kupuma. Ngati pofika nthawiyo lipoti lalikulu la phirili lidzakhale likulembedwabe ndi alendo okha, mlandu sudzakhalanso wa Atsamunda.