Nyanja ya Mchere M'nyumba ya Wansembe

Achinyamata anzanga a ku Nangongwe, nsomba za mu Kafue mumazidziwa, koma kodi zamoyo za m'nyanja ya mchere mungazisunge bwanji kutali ndi kwawo?

Mu 1846 Mayi Anna Thynne, mkazi wa wansembe wa ku Westminster Abbey, anatola makorali, tizilombo tomanga miyala, ku Torquay napita nato ku London. Poyamba madzi a m'nyanja ankachita kuitanitsa. Kenaka anaona kuti madzi omwewo akhoza kugwiranso ntchito ngati awakhuthula mobwerezabwereza pa zenera lotsegula kuti alowe mpweya. Chintchito chimenechi, tisaiwale, ankachigwira tsiku ndi tsiku ndi mtsikana wawo wantchito. Makoraliwo anakhala ndi moyo pafupifupi zaka zitatu.

Mu 1853 London Zoo inatsegula nyumba ya nsomba yoti aliyense akaone.