Mose akangomwalira, dziko limalengedwanso

M'dziko lonse la Mozambique muli sunagoge mmodzi yekha, ndipo ali ku Maputo, kutali zedi ndi mapiri a Tsangano. N'chifukwa chake munthu wa ku Ntengo-Wambalame akhoza kukalamba akuwerenga Genesis ndi Deuteronomo m'Buku Lopatulika osadziwa zimene eni ake a mabukuwa amachita akafika kumapeto. Amavina. Chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, ife tili kalikiliki kugalauza minda podikira mvula, Ayuda amatulutsa mipukutu yonse ya Chilamulo m'kabati yopatulika, kuikumbatira pachifuwa, n'kuzungulira nayo gome lowerengerapo kasanu ndi kawiri. Tsikuli amalitcha Simchat Torah, chimwemwe cha Chilamulo.

Chikondwererochi m'Baibulo mulibe. Mose analamula kuti Chilamulo chiziwerengedwa pamaso pa anthu onse kamodzi pa zaka 7 zilizonse, ndipo pa Nehemiya 8 timaona Ezara akuchiwerenga pabwalo kuyambira m'mamawa mpaka masana. Zowerenga pang'onopang'ono Sabata ndi Sabata mpaka mabuku onse asanu a Mose atatha zinakhazikika pambuyo pake, ndipo sizinayende njira imodzi. Ayuda a ku Israyeli ankadula magawo ang'onoang'ono, n'kumamaliza patapita zaka zitatu kapena kupitirirapo. Anzawo a ku Babulo ankamaliza chaka chimodzi, ndipo dongosolo lawo ndi limene linapambana. Lero Torah ili ndi magawo 54. Chaka chikachepa masabata, magawo ena amawerengedwa awiri pakamodzi.

Cha m'ma 1170, mlendo wina wa ku Spain, Benjamin wa ku Tudela, anapeza magulu awiriwa akukhalira limodzi ku Cairo, lililonse ndi sunagoge wake ndi kawerengedwe kake. Koma analemba kuti pa tsiku la chikondwererochi ankasonkhana n'kupemphera pamodzi. Akatolika akwathu sangadabwe ndi za zaka zitatuzo, pakuti kuyambira 1969 nawonso amayendera chaka A, B ndi C, kutsekera pa Khristu Mfumu n'kuyambiranso pa Adiventi.

Mavinidwe a usiku ndiwo amakopa alendo, koma kwa ine nkhani ili m'mawa wake. Masiku ena onse amene amaitanidwa kukaima pambali pa mpukutu ndi anthu owerengeka. Tsikuli aliyense amaitanidwa, moti wowerenga amabwereza madalitso a Mose a pa Deuteronomo 33 mpaka onse atakwanira. Kenaka ana onse, ngakhale a m'manja, amaunjikana pansi pa nsalu yaikulu yopempherera imene akuluakulu aitambasula pamwamba pa mitu yawo, nawonso n'kulandira dalitso lawo. Ndime yomaliza amaipereka kwa munthu wolemekezeka amene amamutcha mkwati wa Torah. Wowerenga, akulondola zilembo ndi kandodo ka siliva kokhala ndi kadzanja kunsonga kuti chala chisakhudze chikopa, amafika pamene Mose akwera phiri la Nebo, aona dziko limene sadzalowamo, namwalira. Mpukutuwo usanatsekedwe bwinobwino, wachiwiri wafika kale pagome, chifukwa kukulunga woyambawo kubwerera kuchiyambi kungadye nthawi. Mkwati wina, wa Genesis, amaitanidwa, ndipo masiku olenga dziko amayambanso.

Rabi Jacob ben Asher, wa m'zaka za m'ma 1300, anapereka chifukwa chake mosabisa: Satana asapeze ponenera kuti anthuwa amaliza ndipo safunanso kuwerenga. Ndi nzeru ya mlimi wa kachewere amene amapatula mbewu tsiku lomwelo lokumba.

Kuzungulira kasanu ndi kawiri kuja kunafalikira mochedwa, m'zaka za m'ma 1500. Si onse anakusangalalira. Pa 14 Okutobala 1663, Samuel Pepys, mkulu wa boma ku London, analowa m'sunagoge wa ku Creechurch Lane osadziwa kuti wafika pa tsiku lanji. Anatuluka atakhumudwa ndi phokoso ndi kuseka, n'kukalemba m'buku lake kuti sanaonepo chipembedzo chachisokonezo chotere. Zaka 300 pambuyo pake phokoso lomwelo linasanduka kulimba mtima. Ku Moscow, m'zaka za m'ma 1960, achinyamata zikwizikwi amene boma la chikomyunizimu linawalera osadziwa Chiheberi ankadzaza msewu wa Arkhipova usiku umenewu n'kuvina apolisi achinsinsi akuonerera. Wolemba mabuku Elie Wiesel anaona zimenezi n'kuzilemba m'buku lake la mu 1966.

Kuno kwathu mbiri yake ndi yaifupi ndiponso yodukizadukiza, pakuti mwambowu umafuna zinthu ziwiri zovuta kupeza: mpukutu wolembedwa pamanja pachikopa, wa zilembo 304,805, umene mlembi amatha nawo chaka kapena kuposerapo, ndi amuna khumi, poti popanda iwo Torah siwerengedwa pagulu. Mu 1899 boma la Paul Kruger linathamangitsa Rabi Joseph Hertz ku Transvaal chifukwa chokondera Angerezi. Iye anadzera ku Lourenço Marques (Maputo wa lero), komwe analimbikitsa Ayuda ochepa amene anawapeza kuti akhale mpingo. Mpingowo ndi Honen Dalim, ndipo sunagoge wake anatsegulidwa mu 1926. Hertz yemweyo anadzakhala rabi wamkulu wa ufumu wonse wa Britain mu 1913.

Ufulu utabwera mu 1975, Ayuda ambiri anachoka pamodzi ndi Apwitikizi. Mipukutu inatumizidwa ku South Africa kuti ikasungike, ndipo nyumbayo inasanduka mosungira katundu. Amene anaimenyera nkhondo kuti ibwerere kwa eni ake mu 1989 sanali Myuda n'komwe, koma wamalonda wina wochokera ku mtundu wa Agiriki. Nyumbayo inakonzedwa bwino n'kutsegulidwanso mu 2013. Mpingowo ulipo mpaka lero, wa anthu makumi angapo chabe, ena obadwira konkuno, ena obwera kudzagwira ntchito zaka zochepa n'kubwerera kwawo.