Khobidi Lomwe Lidapulumuka Ng'anjo

Ndikamawerenga mbiri ya ndalama zakale, funso limodzi silindichoka m'mutu: kodi munthu wogula khobidi la golide pa mamiliyoni ambirimbiri amagula chiyani kwenikweni? Yankho ndimalipeza m'nkhani ya khobidi la ku America la madola 20, lotchedwa Double Eagle.

M'chaka cha 1933 boma lidasula makobidi otere okwana 445,500 mumzinda wa Philadelphia. Asadayambe kuyenda m'manja mwa anthu, Pulezidenti Franklin Roosevelt adaletsa nzika kusunga golide, poti mabanki ankangogwa ndi mavuto a zachuma. Makobidiwo adawasungunula m'ng'anjo, kupatula awiri omwe adakawasungitsa ku Smithsonian. Koma ena ochepa adali atatuluka kale mwachinyengo.

Limodzi mwa amenewa idagula ndi Mfumu Farouk ya ku Egypt mu 1944. Akuluakulu a boma la America, posadziwa za chinyengocho, adapereka chikalata chololeza kuti lituluke m'dziko. Farouk adachotsedwa pampando mu 1952, ndipo patangopita zaka ziwiri khobidilo lidazimirira. Mu 1996 apolisi adagwira wamalonda wa ku Britain, Stephen Fenton, mumzinda wa New York, ali ndi khobidi lomwe ambiri amakhulupirira kuti ndi lomwelo. Mlandu utavuta chifukwa cha chikalata chija, mbali ziwirizo zidagwirizana kuligulitsa n'kugawana ndalama. Mu 2002 lidagulidwa pa madola 7.59 miliyoni, wogulayo n'kuwonjezapo madola 20 kuti boma lilivomereze ngati ndalama. Mu 2021 lidagulidwanso pa madola 18.9 miliyoni.

Tsono taonani mbali ina. Banja lina la ku Philadelphia lidapeza makobidi khumi a chaka chomwecho m'bokosi la kubanki. Mu 2004 lidawapereka kuboma kuti liwayeze ngati adali enieni. Adalidi enieni, ndipo boma lidawalanda. Khoti lidagamula mu 2016 kuti ndi katundu waboma, banjalo osapata olo tambala.

Makobidi onsewa ndi ofanana, lililonse lili ndi golide wa magalamu 30. Kusiyana kwake ndi pepala basi. Choncho ine ndimaona kuti wosunga chuma m'makobidi osowa amagula mbiri ya manja omwe khobidi ladutsamo, pamodzi ndi umboni wolembedwa woti ndi lakedi. Popanda zimenezo, wangosungira eni ake.