Vân Đồn: Doko la Alendo Kutali ndi Likulu

Mabuku a mbiri ya mafumu a Đại Việt, dziko limene lero lili kumpoto kwa Vietnam, amanena kuti m'chaka cha 1149 zombo za amalonda a ku Java ndi ku Siam zinafika kudzapempha malo ochitirapo malonda. Mfumu Lý Anh Tông inawapatsa zilumba za Vân Đồn, kumpoto chakum'mawa, kutali ndi likulu la Thăng Long. Nzeru yake tiyione bwino: chuma cha alendo chilowe, koma eni akewo atsale kunja.

Komabe kusiyanitsa mlendo ndi mwini dziko pa doko n'kovuta. Pamene kazembe Trần Khánh Dư ankayang'anira zilumbazi, anapeza anthu akudya ndi kuvala ngati Atchaina. Analamula kuti onse azivala chipewa cha mtundu wa Ma Lôi kuti adziwike pa nkhondo. Zipewazo, monga alembi akale anadandaulira, anali atagula yekha n'kumazigulitsa pa mtengo wokwera. Kazembe yemweyu ndiye anawononga zombo zonyamula chakudya cha asilikali a Amongolo m'chaka cha 1288, njala n'kuwathamangitsira ku mtsinje wa Bạch Đằng kumene anakagonja.

Mu 1349 mafumu a fuko la Trần anaikapo asilikali okhazikika, ndipo a fuko la Lê anakhwimitsa malamulo a alendo. Pofika zaka za m'ma 1600 amalonda anali atatembenukira ku Phố Hiến ndi Hội An. M'magombe a Vân Đồn akatswiri amafukulabe mapale a mbale zadothi ndi ndalama zamkuwa.