Madzi a Nowa: mbiri ya chilango chimene chidabala lonjezo

Pa 3 December 1872, mumzinda wa London, George Smith wa ku British Museum adaimirira pamsonkhano wa Society of Biblical Archaeology, nduna yaikulu William Gladstone ili pomwepo. Adafotokoza zomwe adawerenga pa phale ladothi lochokera m'mabwinja a Nineve, m'nyumba yosungiramo zolemba ya mfumu Ashurbanipal. Phalelo linkasimba za munthu, amene lero amadziwika kuti Utnapishtim, yemwe mulungu wina adamutsina khutu za chigumula kuti akhome chombo ndi kulongezamo banja lake komanso zamoyo. Chombocho chitatsakamira paphiri, iye adatulutsa nkhunda, namzeze ndi khwangwala kuti aone ngati madzi aphwa.

Nkhaniyi idali mkamwamkamwa ku Britain konse. Nyuzipepala ya Daily Telegraph idapereka ndalama zoti Smith akafukule zidutswa zotsala ku Nineve, ndipo mu 1873 adapezadi china. Ena adakondwa kuti Baibulo lapeza mboni, pomwe ena ankati alembi a Genesis adangotola nthano ya anzawo. Mkanganowo udaphimba funso lofunika kuposa onsewa: kodi madziwo adabwereranji?

Nthano ya ku Babulo ya Atrahasis, yolembedwa zaka zoposa 1,600 Yesu asanabadwe, imati milungu idalenga anthu kuti azigwira ntchito yokumba ngalande imene iyo idatopa nayo. Anthuwo atachuluka, phokoso lawo lidamusowetsa tulo mulungu Enlil. Adawatumizira mliri, kenako chilala, pomaliza chigumula. Madzi atasesa onse, milunguyo idavutika ndi njala poti wopereka nsembe panalibenso.

Genesis chaputala 6 mpaka 9 amayala mlandu wina. Dziko lidadzaza ndi chiwawa. Buku lomweli lidali litaonetsa kale Kaini akupha mbale wake, ndi Lameki akudzitama pamaso pa akazi ake kuti wapha munthu. Mulungu wa m'nkhaniyi akumva chisoni mumtima, ndipo madzi atangophwa akuika lamulo lokhudza kukhetsa magazi a munthu. Alaliki amene amathamangira kulumikiza chigumula ndi mavalidwe a achinyamata amadumpha tchimo lomwe lembalo limalitchula poyera, loti munthu ankapweteka munthu mnzake.

Zambiri mwa izi ana a Sande sukulu amaziloweza: Nowa wa zaka 600, chingalawa cha mikono 300 m'litali, 50 m'lifupi ndi 30 msinkhu, mvula ya masiku 40, madzi osefukira masiku 150, anthu 8 opulumuka, mapiri a Ararati. Chimene ambiri sachiona n'chakuti mlembi akubweza chilengedwe m'mbuyo. Pachiyambi Mulungu adalekanitsa madzi akumwamba ndi apansi kuti mtunda uoneke. Tsopano akasupe apansi aphulika, mazenera akumwamba atseguka, ndipo madzi awiriwo akumananso.

Pamene pagona nkhani ndi kumapeto kwa chaputala 8. Nowa atapereka nsembe, Mulungu akuvomereza kuti mtima wa munthu ukadali woipa kuyambira ubwana wake, chifukwa chomwecho chimene chidadzetsa madzi. Koma ulendo uno akulonjeza kuti sadzawononganso zamoyo zonse motero. Chigumula sichidamusinthe munthu, ndipo Nowa yemweyo posakhalitsa akupezeka ataledzera, ali mbulanda muhema. Pangano la utawaleza likuperekedwa kwa anthu osasinthawo, pamodzi ndi mbalame, ziweto ndi nyama zakuthengo, popanda kuwalamula kuti ayambe akhala olungama.

Aneneri adagwira mbali imeneyi. Yesaya 54, polankhula kwa Ayuda amene mzinda wawo wa Yerusalemu udagumulidwa ndi Ababulo, akutchula madzi a Nowa ngati lumbiro loti mkwiyo watha.

M'Chipangano Chatsopano nkhaniyi ili ndi nkhope ziwiri. Pa Mateyu 24 Yesu akukumbutsa za masiku a Nowa, anthu akudya, kumwa ndi kukwatirana mpaka madzi adawadzidzimutsa. Chenjezo lake ndi la kusakonzekera. Kalata yoyamba ya Petro ikutembenuza chithunzicho: madzi omwe adamiza dziko ndi omwe adanyamula anthu 8 aja, ndipo akufanizidwa ndi ubatizo. Akhristu oyambirira adachikonda chithunzi chachiwirichi. M'manda awo apansi panthaka ku Rome adajambula Nowa ataima m'kabokosi kakang'ono, manja atakweza, nkhunda ikubwera ndi tsamba la azitona. Pambali pa mitembo ya abale awo adasankha kuika munthu wopulumuka.

Abusa awiri a kumpoto kwa Africa ndiwo adazamitsa chithunzichi. Cyprian, bishopu wa ku Carthage amene adaphedwa mu 258, adaphunzitsa kuti chingalawa ndi mpingo, ndipo wokhala kunja kwake sangapulumuke. Augustine wa ku Hippo, m'buku lake la City of God, adafanizira khomo la m'mbali mwa chingalawa ndi bala la mkondo m'nthiti mwa Khristu.

Mantha okha sadathe. Openda nyenyezi ku Ulaya atalosera chigumula cha mu February 1524, timabuku tochenjeza tidasindikizidwa tambirimbiri, koma mweziwo udadutsa dziko lili chilili. Pambuyo pake mkangano udasamukira ku miyala. Mu 1831 Adam Sedgwick, wansembe wa Anglican komanso katswiri wa miyala ku Cambridge, adalengeza kuti wasiya kukhulupirira zoti nsangalabwi zomwazikana ku Britain zidasiyidwa ndi madzi a Nowa. Mu 1961 John Whitcomb ndi Henry Morris adadzutsanso nkhaniyo ndi buku la The Genesis Flood, ndipo mu 2016 chingalawa cha muyeso wa m'Genesis chidatsegulidwa ku Kentucky kuti alendo azikachiona.

Ku Malawi funso la chilango limabwera ndi maliro. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala paphiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu mazanamazana adafa m'chigawo chakumwera, ndipo mawu oti "talakwanji" adamveka m'misasa. Kuwaloza chala anamfedwawo kuti adalangidwa ndi nkhanza imene Genesis saivomereza, pakuti chigumula chachiweruzo amachitseka ndi pangano. Pa Luka 13 Yesu adakumana ndi maganizo omwewo. Adatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, nafunsa ngati adali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Adayankha yekha kuti ayi, ndipo za kulapa adauza amoyo amene ankamumvetserawo.