Mbalame za m'phiri la Soche ndi munthu amene tinamuiwala

Sabata yatha ndimaphunzitsa za chipululu cha Namib. Ana anandiuza bwinobwino za nkhungu yochokera ku nyanja ya Atlantic, za madzi ozizira a Benguela, ndi za kachilombo komwe kamamwa nkhunguyo ikakhala pamsana pake. Koma nditawafunsa mayina asanu a mbalame za m'phiri la Soche, lomwe amaliona tsiku ndi tsiku kuno ku Manje, anatchula pumbwa ndi khwangwala basi. Ndinachita manyazi, chifukwa wolakwa ndine.

Mbiri yolemba mbalame za dziko lino ndi yayitali. Mu 1930 Charles Belcher, yemwe anali woweruza milandu, anatulutsa buku la The Birds of Nyasaland. Mu 1947 kunabadwa bungwe la Nyasaland Fauna Preservation Society, lomwe lero ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi. Kenaka C.W. Benson anatulutsa mndandanda wa mbalame mu 1953, ndipo mu 1977 iye ndi mkazi wake analemba The Birds of Malawi. Buku la mu 2006 la a Dowsett-Lemaire ndi a Dowsett likuonetsa kuti tili ndi mitundu pafupifupi 650.

Mayina onsewa ndi achizungu. Koma kumbuyo kwa Benson kunali bambo Jali Makawa, amene anayenda naye zaka zambirimbiri. Ankazindikira mbalame pongomva kulira kwake, ndipo ankatha kuyeserera kulirako mpaka mbalame kubwera pafupi. Mu 1964, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, anapeza kambalame komwe akatswiri anali asanakaonepo. Anakatcha Pogoniulus makawai, kutengera dzina lawo. Ndani mwa ife anaphunzitsidwa za bambo amenewa kusukulu?

Luso lawo silinali lachilendo kwa makolo athu. Ndili mwana tinkakwera Soche ndi malegeni ndi ulimbo, ndipo agogo ankatiuza kuti uyamba wakhala chete, umvere kulira, uone kukula kwa mbalame, mlomo wake, ndi malo omwe yatera, pansi kapena pamwamba pa mtengo. Umo ndi momwe ndinadziwira nkhulukulu ndi mapiko ake ofiira. M'nkhalango ya pamwamba pa phiri munkapezekanso mbalame yosowa kwambiri ya Thyolo Alethe, yomwe dzina lake la sayansi, choloensis, likuchokera ku Cholo, kalembedwe kakale ka Thyolo.

Mitengo ija tinaimaliza ndi nkhuni, makala, minda ndi nyumba. Mbalame zinayamba kuchepa, ife osalabadira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phirimo, n'kukokolola nyumba ku Manje ndi ku Chilobwe. Tinaika m'manda anansi athu. Mvula inali yoopsa zedi, koma phiri lopanda mitengo linalibe choigwirira.

Munthu sateteza chinthu chomwe sachidziwa dzina. Ndiye pempho langa ndi ili: aphunzitsi anzanga, tidzutse makalabu a zachilengedwe m'masukulu mwathu. Sipafunika ndalama, kope ndi pensulo zakwana. Inu ana anga akale, kafunseni agogo anu mayina a mbalame m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, mundilembere. Loweruka likubwerali ine ndi a Fomu 3 tikwera phiri m'mamawa, malegeni tisiya kunyumba.