Kuchokera pa Mutu wa Yagan Kufika ku Boola Bardip

Mbiri ya momwe Anoongar, eni nthaka a kummwera chakumadzulo kwa Australia, akhala akuonetsedwera m'nyumba zosungiramo zinthu zakale inayamba ndi nkhanza yosaneneka. Angerezi atamanga mudzi wawo m'mphepete mwa mtsinje wa Swan mu 1829, nkhondo yolimbirana malo inabuka, ndipo mu 1833 Yagan, mmodzi mwa atsogoleri a fuko la Whadjuk, anaphedwa ndi mfuti. Mutu wake anaudula, n'kuuwamba pa utsi, kenaka n'kupita nawo ku London, kumene anaukulunga chingwe pamphumi ndi kuusomeka nthenga za mbalame kuti alendo aziuonerera. Pambuyo pake unakasungidwa ku Liverpool mpaka unakwiriridwa kumanda a Everton mu 1964. Akuluakulu a Anoongar monga Ken Colbung anaulondola kwa zaka zambiri, ndipo unabwerera kwawo mu 1997, ngakhale mwambo wouika m'manda unachitika mu 2010.

Chimene oonetsa akalewo sanachimvetse ndi boodja, liwu limene limatanthauza dziko, osati ngati munda wogulitsa, koma ngati mbale amene munthu amamusamalira ndipo iyenso amamusamalira. Mtsinje wa Swan Anoongar amautcha Derbarl Yerrigan, ndipo amati unakumbidwa ndi Waugal, njoka yaikulu ya mizimu, pamene chaka amachigawa mu nyengo 6, kuyambira Birak mpaka Kambarang, potsatira maluwa, mphepo ndi kayendedwe ka nyama. Zotere sizikwana m'bokosi lagalasi, n'chifukwa chake chionetsero chaulemu chimafunika kuyamba ndi kumvera akuluakulu a mtunduwo chisanafike kwa amisiri.

Lamulo la 2016 la boma la Western Australia linavomereza kuti Anoongar ndiwo eni dera la kummwera chakumadzulo kuyambira makedzana, ndipo nyumba yaikulu ya zakale ku Perth itatsegulidwanso mu Novembala 2020 inapatsidwa dzina la Boola Bardip, kutanthauza nkhani zambiri, m'menemo muli chipinda cha Ngalang Koort Boodja Wirn, ndiye kuti mtima wathu, dziko ndi mzimu, momwe eni nthaka amadzifotokozera okha. Pafupi pomwepo, pabwalo la Yagan Square lomwe linatsegulidwa mu 2018, paima chiboliboli cha Wirin chotalika mamita 9, pakati penipeni pa mzinda umene kuyambira 1927 mpaka 1954 Anoongar ankaletsedwa kulowamo popanda chitupa.